Peterson kapena Savinelli: nkhani yagona pa chinyezi ndi mano

Munthu akatopa ndi kaliwo wotchipa wongophunzirira uja, n'kuganiza zogula woyamba weniweni, mayina awiri ndi amene amamutchingira njira: Peterson ndi Savinelli. Kaya afunse wogulitsa, kaya afunse anzake osuta, yankho limangozungulira pomwepo. Chovuta n'chakuti makaliwo awo apakatikati, osakhala otsikitsitsa komanso osakhala a anthu olemera, ndalama zake zimangofanana. Chikhala kuti wina ndi wodula kwambiri, thumba likanaweruza lokha. Koma apa thumba limangokhala duu, ntchito yosankha n'kutsalira mwiniwake.

Ine ndinaima pamphambano imeneyi nthawi yaitali ndithu. M'maganizo mwanga munali makaliwo awiri, Peterson System Standard 314 ndi Savinelli Roma 606 KS. Onse ndi opindika, ndipo onse mutu wake ndi wowongoka m'mbali, mtundu umene amautcha billiard. Ndinatenga Peterson. Ndikunena msanga kuti musamawerenge mukudikira ngati pali chinsinsi kumapeto. Chimene ndikufuna kufotokoza ndi chifukwa chake, poti chifukwa chomwecho chikhoza kukufikitsani inu kwa Savinelli, ndipo simudzakhala mutalakwa. Inenso pambuyo pake ndinadzagula Savinelli, ndiye zimene ndikunena za mbali zonse ziwiri ndi zoti ndinazigwira ndi manja.

Mbiri ya makampani awiriwa ndi yaitali, koma ndiyidutsa mwachangu chifukwa mbiri sisutidwa. Peterson ndi ya ku Dublin m'dziko la Ireland, ndipo imawerenga zaka zake kuyambira 1865, pamene anthu a banja la Kapp, ochokera ku Nuremberg ku Germany, anayamba malonda a makaliwo. Charles Peterson, mmisiri wochokera ku Latvia, anadzalowa ntchito kwa a Kapp, ndipo ndi iye amene anatulukira kapangidwe kotchedwa System. Chiphaso choyamba choteteza luso lakelo chinali cha 1890, ndipo cha kamlomo kotchedwa P-Lip chinadzamalizika mu 1898. Kuyambira 2018 kampaniyi ili m'manja mwa kampani ya Laudisi ya ku America, koma makaliwo akupangidwabe ku Dublin komweko. Savinelli inayamba mu 1876 ngati sitolo ya zinthu za osuta imene Achille Savinelli anatsegula mumzinda wa Milan ku Italy. Mdzukulu wake, nayenso Achille, ndi amene anatsegula fakitale mu 1948 ku Barasso, m'dera la Varese. Onse awiri ndi akale mokwanira. Palibe amene angakugulitseni chinthu chongopeka dzulo.

Ngakhale chopangira chake ndi chimodzi. Briar ndi chibuluma chimene chimatupa pakati pa tsinde ndi mizu ya chitsamba chotchedwa Erica arborea, chomera m'mapiri ouma ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga ku Corsica, Sardinia, Calabria, Greece ndi Algeria. Chitsambacho chimasunga madzi m'chibulumamo kuti chipulumuke chilimwe, ndipo pamatenga zaka makumi angapo kuti chikule mpaka kufika poti n'kusemamo kaliwo. Akachikumba amachicheka m'zidutswa, n'kuziwiritsa maola ambiri kuti utomoni wowawa uchoke, kenako n'kuziyanika miyezi yambiri. Chimene chimatuluka ndi thabwa lolimba, losapsa msanga, koma lopuma. Amisiri a ku Saint-Claude ku France ndi amene anayamba kuligwiritsa ntchito kwambiri chapakati pa zaka za m'ma 1800, ndipo kuchokera pamenepo palibe thabwa lina lalilanda malo. Ndiye munthu akakuuzani kuti briar wa kampani iyi ndi wokoma kuposa wa inayo, pa ndalama zofanana, ine sindimamumvera kwenikweni. Zidutswa zopanda chilema zimapita ku makaliwo odula. Zimene zimafika kwa ife apakatikati ndi zabwino ndithu, koma zimasiyana chidutswa ndi chidutswa, osati dzina ndi dzina.

Kusiyana kwenikweni kuli pa madzi.

Amene sanasutepo kaliwo amadabwa akamva kuti mdani wamkulu wa wosuta si moto koma chinyezi. Fodya wa m'kaliwo amagulitsidwa ali wolowa pang'ono, apo ayi akanangofumbutuka. Komanso tsamba lililonse likamapsa limatulutsa nthunzi. Nthunziyo imachoka pamoto ili yotentha, n'kulowa m'kanjira ka utsi kamene n'kozizirirapo, ndipo pamenepo imasanduka timadontho. Kaliwo akakhala wopindika, timadonthoto timatsetserekera pansi, n'kukakumana ndi malovu amene akutsika kuchokera kukamwa. Posakhalitsa mumamva kaliwo akulira kuti khorororo mukamakoka, fodya wapansi wanyowa ndipo akukana kuyaka, ndiye tsiku latsoka kadontho kamodzi kowawa kamakwera mpaka palilime. Amene analawapo kadontho kameneko sakaiwala. Nthunzi yotenthayo ndi imodzinso mwa zinthu zimene zimawaula lilime, kulisiya likunyerenyetsa mpaka mawa lake.

Charles Peterson anaona kuti madziwo sangawaletse kubwera, ndiye anaganiza zowakumbira pokhala. Mukazula chapakamwa cha System n'kusuzumira m'khosi mwa kaliwo, mumaona mabowo awiri. Lam'mwamba ndi kanjira kakang'ono kochokera pansi pa mutu, kumene kuli fodya. Lam'munsi ndi kadzenje kotsikira pansi, kopanda kotulukira. Utsi ukamachoka kumutu umatulukira m'malo otakasuka, n'kukhota kuti ulowe m'chapakamwa. Pokhota pamenepo timadontho timalephera kutsatira, timagwera m'kadzenje kaja. Malovu otsika kuchokera kumtunda nawo amagwera momwemo. Bowo la m'chapakamwa analipanga lotakasuka kumunsi n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka kumlomo. Mulibe choika, mulibe chosintha, mulibe chogula. Ndi mabowo okha, oboola mwanzeru.

Savinelli anadzera njira ina. Iye anati madziwo amwedwe. M'chapakamwa cha makaliwo ake ambiri muli malo oikamo kamtengo kakang'ono ka balsa, mtengo wopepuka kwambiri wa ku South America, umene wambiri umachokera ku Ecuador. Kamtengoko, kolowa m'bowo la mamilimita 6, n'kosemedwa mbali zitatu, ndiye utsi sudutsa m'kati mwake koma m'mbali mwake, m'timipata titatu totsala pakati pa iko ndi khoma la bowo. Utsi ukamadutsa, balsa amamwa chinyezi ndi phula lina. Chifukwa chakuti utsi sukukanikizidwa kudutsa m'chinthu, kukoka kwake sikulemera monga zimakhalira ndi mafyuluta a makala a mamilimita 9 amene amakondedwa kwambiri ku Germany. Ndinayamba kukaona kamtengoka kwa mnzanga amene wasuta Savinelli zaka zambiri. Atamaliza kusuta anadikira kuti kaliwo azizire, n'kupotokola chapakamwa, n'kusolola kamtengoko ndi zikhadabo. Kanalowa kali koyera mbee, kouma, kopepuka moti sungakamve m'dzanja. Kanatuluka kali kofiirira, kotupa, konata, ndipo atakafinya pakati pa zala panatsala chizindikiro chonyowa. Anati, "Achimwene, zonsezi zikanathera m'kamwa mwanga." Anakataya, n'kutenga kena m'kapaketi.

Njira zonse ziwiri zimagwira ntchito. Pamenepa ndikufuna kutsindika, chifukwa okonda mbali imodzi amakonda kunena kuti mbali inayo ndi bodza lotsatsira malonda. Si bodza. Ndikamaliza kusuta 314 wanga, ndimazula chapakamwa, n'kupota kansonga ka pepala lofewa, n'kukalowetsa m'kadzenje kaja. Kamatuluka konyowa ndi madzi a bulauni onunkha, ndipo pansi pa mutu pamakhala phulusa louma. Umboni wake ndi womwewo ndi wa kamtengo ka mnzanga uja. Funso loyenera si lakuti njira yabwino ndi iti. Funso ndi lakuti, mwa ntchito ziwirizi, ndi iti imene inuyo mudzaigwiradi tsiku ndi tsiku osatopa nayo?

Pakuti iliyonse ili ndi msonkho wake. Kadzenje ka Peterson kamafuna kupukutidwa nthawi iliyonse mukamaliza. Mukakasiya, madzi aja amaunjikana, amawola, ndipo kaliwo amayamba kununkha ndi kuwawa moti ngakhale fodya wabwino bwanji sangakome. Mukaika kaliwoyo m'thumba musanapukute, kapena kumugoneka cham'mbali, madziwo amatayikira kumene mumawathawitsa. Komanso, chifukwa cha mabowo osayang'anizana aja, kawaya kathonje kotsukira sikadutsa kuchokera kukamwa mpaka kumutu. Muyenera kuzula chapakamwa kuti mutsuke mbali iliyonse payokha. Chabwino chake n'chakuti System inapangidwira zimenezo. Chapakamwa chake ndi chosongoka ndipo chimangokankhidwira m'khosi lotetezedwa ndi kachitsulo ka nickel, ndiye mukhoza kuchizula kaliwo akadali wofunda popanda kuopa kung'amba thabwa kapena kukulitsa bowo. Kwa makaliwo ena ambiri, kuphatikizapo Roma, lamulo ndi lakuti dikirani azizire kaye.

Msonkho wa Savinelli ndi timitengo tija. Timatha, ndipo tikatha muyenera kugula tina. Kamodzi mukakagwiritsa ntchito mobwerezabwereza kamakhuta, ndipo kakakhuta kamayamba kubweza zimene kanamwa. Ena amasintha akangosuta kamodzi, ena amakafikitsa kawiri kapena katatu. Amene safuna fyuluta akhoza kuikapo kapaipi kakang'ono kamene kawirikawiri kamabwera limodzi ndi kaliwoyo, kongochepetsa bowo, kapena kungosiya bowolo lili pululu. Koma mukatero mwachotsa chinthu chomwe chimasiyanitsa Savinelli pa nkhani ya chinyezi, mwatsala ndi kaliwo wopindika wamba. Wabwino, inde, wokoka momasuka, koma amene adzafuna kuti muzimulowetsa kawaya kathonje pakati pa kusuta fodya akakhala wonyowa.

Ine ndimadzidziwa. Ndine munthu wotha kupukuta chinthu tsiku lililonse osadandaula, ndipo kupukuta kaliwo kumandisangalatsa, ndi mbali ya kusutako. Koma sindikonda chinthu chimene chimadalira kanthu kena kogula kuti chigwire ntchito mokwanira. Ndimafuna kuti fodya, machesi ndi chotsindira zikakhalapo, basi zakwana. Mnzanga uja ndi wosiyana nane. Iye amasuta akuyenda, amaika kaliwo m'thumba la jekete akadali wofunda, ndipo za kupota pepala n'kumasuzumira m'mabowo alibe nazo nthawi. Kwa iye kutaya kamtengo n'kuika kena ndi ntchito ya kamphindi. Atagula System akanavutika nayo, ndipo akanati kaliwoyo ndi woipa, chonsecho si kaliwo.

Chachiwiri ndi mano, ndipo anthu ambiri ogula sachiganizira n'komwe. Maso amathamangira kumutu, kukaona mizere ya thabwa ndi kunyezimira kwake. Koma mutuwo umakhala m'dzanja kapena m'malere. Chimene mudzakhala nacho m'kamwa kwa theka la ola kapena ola lathunthu ndi kansonga ka chapakamwa.

Makaliwo ambiri padziko lapansi, Savinelli Roma pamodzi, ali ndi kamlomo kophwatalala kokhala ndi kampata kumapeto, kamene amakatcha fishtail. Utsi umatuluka molunjika, n'kumwazikira palilime. P-Lip ya Peterson ndi yosiyana. Kumapeto kwake ndi kobulungira, kotseka, ndipo bowo lili pamwamba. Utsi umakwera n'kukagunda kumwamba kwa m'kamwa, ndipo pansi pa kamlomoko pali kampata komwe nsonga ya lilime imabisalamo. Cholinga chake chinali kuteteza lilime kuti lisawauke. Kwa ine zimenezi zinagwira. Ndimakonda fodya wa Virginia, amene ali ndi shuga wambiri wachilengedwe ndipo amatentha msanga ukamukoka mopupuluma, ndiye lilime langa linkavutika naye. Ndi P-Lip vutolo linachepa kwambiri.

Koma ndisakunamizeni, P-Lip imagawanitsa anthu kuposa china chilichonse pa nkhani ya makaliwo. Alipo amene amati utsi ukamagunda malo amodzi kumwamba kwa m'kamwa, pamenepo pamatentha ndi kuuma. Alipo amene amati kukoma kwa fodya kumachepa chifukwa lilime silikulandira utsi mwachindunji. Enanso amangoti kamlomoko ndi konenepa, sikakhazikika pakati pa mano awo. Onsewa akunena zoona za m'kamwa mwawo. Masiku oyamba inenso ndinkaona ngati ndaluma chinthu chachilendo, mpaka nditapeza pamene mano ayenera kugwira, kumbuyo kwa kamzere kotukuka kaja, lilime lili pansi. Kuchokera pamenepo kaliwo amangolendewera yekha, nsagwada zosagwira mwamphamvu, ine ndikuwerenga manja onse ali pabuku. Ngati ndinu munthu wogwira kaliwo m'dzanja, womangomubweretsa kukamwa pokoka, ubwino umenewu simudzaumva, ndipo fishtail idzakupatsani kukoma kotambasuka bwino. Dziwaninso kuti Peterson amapanga makaliwo ambiri a fishtail, ngakhale System yomwe. Ndiye kusakonda P-Lip si chifukwa chokanira dzina lonse. Chimodzimodzinso Savinelli ali ndi mtundu wake wotchedwa Dry System, wokhala ndi kadzenje ka madzi ndi balsa pamodzi. Makampani awiriwa akhala akuonerana kwa nthawi yaitali.

Chopangira chapakamwacho nachonso chifunseni. Pali ziwiri: vulcanite ndi acrylic. Vulcanite ndi mphira woumitsidwa ndi sulfure. Ndi wofewerapo pamano, amakhala ngati akuvomera pang'ono mukamuluma, ndipo kwa munthu woluma kaliwo nthawi yaitali zimenezi ndi zamtengo wapatali. Vuto lake n'lakuti dzuwa ndi malovu zimamusintha mtundu, kuchoka pa wakuda bii kufika pa wobiriwira motuwa, ndipo akafika pamenepo amawawa palilime. Amafuna kupukutidwa mukamaliza, kusungidwa kumthunzi, ndi kupakidwa timafuta nthawi ndi nthawi. Acrylic ndi pulasitiki wolimba. Sasintha mtundu, amanyezimirabe zaka zikamapita, ndipo amabwera m'mitundu yokongola. Koma pamano ndi wouma gwa, ndipo mano amamva. Savinelli amagwiritsa ntchito zonse ziwiri: Roma wamba ndi wa vulcanite, Roma Lucite ndi wa acrylic. Peterson nayenso ali ndi mitundu ya mbali zonse. Apa mukuonanso kuti dzina la pabokosi silikuyankhani funso. Muyenera kufunsa za kaliwo ameneyo, osati za banja lake.

Ndiime kaye pang'ono ndinene chinthu chimene sindingachilumphe. Kadzenje ka Peterson ndi kamtengo ka Savinelli zimachotsa madzi ndi phula lina, zimapangitsa kusuta kukhala kouma ndi kokoma, koma sizichotsa chiopsezo. Utsi wa kaliwo, ngakhale osaumeza, umakhala m'kamwa ndi pakhosi, ndipo umayambitsa khansa ya mlomo, ya lilime, ya m'kamwa ndi ya pakhosi, komanso matenda a nkhama. Chikonga chimalowa m'magazi kudzera m'kamwa momwemo, ndipo chimamanga munthu. Ine ndimasuta ndikudziwa zimenezi, ndipo ndimaonetsetsa kuti dokotala wa mano aziona m'kamwa mwanga. Ngati simusuta, kukongola kwa makaliwo amenewa kusakukokeni. Zimene ndikulembazi ndi za amene ali kale m'njira imeneyi.

Tsopano za maonekedwe, poti nazo n'zosabisa. Makaliwo a Peterson ali ndi thupi. Khosi lake ndi lonenepa, mutu wolemera, ndipo kachitsulo kaja, ka nickel kapena ka siliva pa odulirapo, kamawapatsa nkhope yachikale yodziwika patali. Nambala 312 ndi billiard wamkulu wopindika, 314 ndi mng'ono wake, 303 ndi wobulungira ngati apozi. Makaliwo a Savinelli ndi osalala m'mizere yake, osemedwa mwaudongo, ndipo kupaka kwake kumakhala kofanana bwino. Zilembo KS zimene mumaziona pambuyo pa nambala zikutanthauza kuti ndi wamkulupo. Nambala 320 KS, wonenepa wa mutu wotambalala, ndi mmodzi mwa odziwika kwambiri, ndipo ndi amene ndinadzagula ine. 673 KS ndi wopindika wa mizere iwiri yozungulira mutu. Mtima ukakopeka ndi mawonekedwe ena, muumvere. Kaliwo amene simukumukonda pomuona adzangokhala pashelefu, kaya akhale wouma bwanji posuta.

Koma kukula kwa mutu si nkhani ya maso okha. Dzenje lopapatiza ndi lakuya limayenderana ndi Virginia, makamaka wopanikizidwa m'timapale, chifukwa moto umatsika pang'onopang'ono ndipo kukoma kumanka kukhwima. Dzenje lotambalala limayenderana ndi fodya wosakaniza mitundu yambiri, monga wokhala ndi Latakia, tsamba lofukizidwa ndi utsi limene linatenga dzina ku doko la ku Syria. Moto ukagwira malo aakulu, masamba osiyanasiyana amapsa pamodzi ndipo mumawamva onse. Fodya wonunkhiritsidwa ndi vanila kapena zipatso ndiye wonyowa kuposa onse, ndipo ndi pa iye pamene kamtengo ka balsa kamaonetsa mphamvu zake zenizeni. Ngati ameneyo ndiye fodya wanu wa tsiku ndi tsiku, ine ndingakukankhireni kwa Savinelli mosazengereza. 606 KS ndi wamkulu kuposa 314, ndipo chimenecho chinali china chondibweza. Ndimasuta madzulo, kwa nthawi yosapitirira pamene ndingakhale pansi mwabata, ndipo sindinafune mutu umene ndizidzausiya fodya ali theka. Kulemeranso kumawerengedwa. Kaliwo wolumidwa akalemera, nsagwada zimatopa, ngakhale kuti kupindika kumathandiza chifukwa kulemerako kumatsikira pafupi ndi chibwano.

Zonsezi mukaziganizira, patsala chinthu chimodzi chimene ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa dzina lililonse. Makaliwo amenewa ndi a fakitale, inde, koma amadutsa m'manja mwa anthu, ndipo thabwa lililonse lili ndi khalidwe lake. Awiri a nambala imodzi, ochokera m'bokosi limodzi, akhoza kusiyana. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kaliwo wanu ndi amene ali m'dzanja lanu, osati amene ali pachithunzi kapena amene anthu akumutama. Ngati mungathe kumugwira musanalipire, mugwireni. Walitsani tochi m'mutu muone pamene kanjira ka utsi katulukira. Kayenera kukhala pakati, ndipo pansi penipeni. Kakakhala pamwamba, fodya wapansi pake sadzapsa, azidzangonyowa. Kakakhala cham'mbali, moto uzidzatsika mopendekeka. Zulani chapakamwa pang'onopang'ono mukupotokola, mumve ngati chikugwira bwino, chosakhwepa komanso chosachita kulimbana nacho. Pa Savinelli, onani ngati chapakamwa ndi khosi zakumana popanda mpata. Pa System musadabwe kuona kampata pakati pa chapakamwa ndi kachitsulo. Anakasiya dala kuti chapakamwa chizilowa mozama pamene malowo akuperepeseka ndi zaka. Ngati wogulitsa alola, lowetsani kawaya kathonje m'chapakamwa chokha muone ngati kakudutsa mosakodwa.

Kenako tembenuzani mutu poyera. Briar amakula m'nthaka, ndiye mumakhala timiyala ndi timing'alu. Pa makaliwo a ndalama zapakatikati, timaenje totere amatimata ndi phala lolimba n'kupakapo utoto. Poyamba sitioneka kwenikweni, koma zaka zikamapita thabwa limada pamene pomatapo sipasintha, ndiye pamatsala kadontho kotuwa. Sikawononga kasutidwe, koma ngati maso anu adzakakamira pamenepo tsiku lililonse, ndi bwino kudziwiratu. Ichi n'chifukwa chake ine pa ndalama zotere ndimasankha kaliwo wa khungu lokakala, wogobedwa dala kapena wowombedwa ndi mchenga, osati wosalala. Thabwa lake ndi lomwelo, zilema zazing'ono sizioneka, amagwirika bwino chala chikachita thukuta, ndipo nthawi zambiri amatsikirako mtengo poyerekeza ndi wosalala wa nambala yomweyo. Ngati mukugula patali, pezani wogulitsa amene amajambula kaliwo aliyense payekha, ndi kulemba kulemera kwake ndi kukula kwa dzenje lake, komanso wolola kubweza ngati simunamusute. Mukhozanso kumupempha kuti ayambe wasuzumira m'mutu asanatumize. Ogulitsa odziwa ntchito yawo sakana zimenezi.

Ndipo mukamubweretsa kunyumba musamuweruze tsiku loyamba. Kaliwo watsopano, wa dzina lililonse, amakhala ndi kafungo ka thabwa lauwisi kapena ka zimene anapaka m'dzenje, ndipo amatentha msanga. Amafuna kusutidwa modekha, mpaka pansi, kuti m'khoma mwake mumere kachikhokho ka mwaye kochindikala pafupifupi milimita imodzi kapena kupitirirapo pang'ono, kamene kamateteza thabwa ku moto. Mutu ukatentha moti simungaugunditse patsaya, muikeni pansi azime, mudzamuyatsanso. Akatha kusutidwa apume tsiku lathunthu kuti aume. Madandaulo ambiri amene ndimamva, akuti wakutiwakuti amawawa kapena amalira, ndikafunsitsa ndimapeza kuti munthuyo akumusuta kaliwo mmodzi kuyambira m'mawa mpaka usiku, fodya wonyowa, womutsindira kwambiri, akukoka ngati akuthamangitsidwa. Kuyanika fodya papepala kwa kanthawi musanamuike kumachotsa theka la mavuto amene anthu amafuna kuwathetsa pogula kaliwo wina.

Lero 314 ndi wa Virginia yekha, nthawi zina wosakaniza ndi Perique pang'ono, fodya wakuda wothimbirira wa ku St. James Parish ku Louisiana. 320 KS ndinamupatula kuti akhale wa Latakia, chifukwa fungo la Latakia likalowa m'thabwa silituluka msanga ndipo limaphimba kutsekemera kwa Virginia. Ameneyu sindimuluma, ndi wolemera, ndimamugwira m'dzanja, ndipo amadzaza chikhatho bwino lomwe. Fodya akakhala wouma ndimamusuta wopanda kamtengo, akakhala wolowa ndimakaikamo. Mnzanga uja amati ndikuwononga timitengo posatigwiritsa ntchito nthawi zonse, ndipo akabwera amatenga tingapo m'kapaketi kanga. Iye akufunafuna 673 KS wa khungu lokakala, ndipo ndamuuza kuti akamupeza andiitane tikasuzumire limodzi m'mutu asanapereke ndalama.